Loweruka ku Dambo

Ndine uja ndinkaswa miyala m'mbali mwa msewu wa ku Kafue,
zaka khumi ndi zitatu, nyundo m'manja,
mwana kumsana, fumbi loyera m'nsidze.
Wilibala imodzi, ndalama ya ndiwo.
Za thanthwe sindinkafunsa.

Lusaka wakhala pa mwala wa mphako.
Gunditsani khutu pansi mwezi wa Febuluwale,
mudzamva madzi akuyenda mumdima
kuchoka kuchimbudzi cha mnzanu
kulowa m'chitsime chanu
osaodira.
Ife tinazidziwa chaka cha kolera,
tsiku lomwe tinanyamula Dailesi pachitseko
n'kubwerako ndi chitseko chokha.

Tsopano Loweruka lililonse tili kudambo.
Mshanga wokonza njinga amabwera ndi foloko yothyoka dzino,
Zelipa wa salaula ndi magolovesi osafanana,
anyamata oitanira minibasi amafika dzuwa litakwera,
akununkhabe za dzulo,
komatu ndi iwo amalowa m'thope mpaka m'chiuno.
Tavuulamo matewera, matayala, mabotolo osawerengeka,
wailesi yakufa, mutu wa chidole,
nsapato imodzi ya mkwatibwi.
Mnzake wa nsapatoyo tikumufunabe.

Pakati pa bango pali mwala wotuwa,
pansi pake madzi amatumphuka osapuma ngakhale mu Okutobala.
A Shamilimo, amene anakalambira pa ulonda wa usiku,
amati anthu akwawo, Asoli,
njanji isanadutse, nyumba za malata zisanamere,
ankasiyapo ufa woyera mvula ikachedwa.
Mawu a pempherolo anawaiwala.
Atawafunsa anayang'ana pansi nthawi yaitali,
kenako anati: chomwe ndikukumbuka,
pano sankafikapo ndi nsapato.
Ndiye timavula majombo,
ngakhale Mai Kamanga a kwaya, akung'ung'udza,
amavula.

Chimene sindinauze munthu n'chakuti
phewa lamanzere la mwalawo, pomwe pali chilonda choyera,
ndinagumulapo ndine.
Unali mwezi wa fizi.
Linakwana theka la lole,
lili m'maziko a mpanda wa winawake ku Kabulonga,
likutchinga agalu onenepa.
Ndikaima pamenepo wopanda nsapato
mapazi anga amandidziwa.

Mwezi wa Juni kunamera zikhomo zopaka penti yofiira.
Kunabwera bambo wa nsapato zosongoka
ndi pepala la zidindo zitatu,
akuti pano padzakhala mashopu ndi malo otsukira magalimoto.
Tinamufunsa: madzi otsukirawo mudzawatenga kuti
mukakwirira mayi wake?
Anaseka, nakwera galimoto.
Zelipa anatenga kope lathu la mayina,
nakakhala pabenchi ya ku khonsolo masiku atatu
akudya mtedza wa m'thumba.
Anamuuza kuti abwerenso.
Wabwererako kanayi. Nkhani sinathe.

Usiku malole amabwera ozimitsa nyale
kudzakhuthula zigumu za njerwa.
Timagona mosinthana pachulu,
tochi ya foni, pensulo, nambala ya lole.
M'mawa timatuta zomwe akhuthula.
Iwo ali ndi dizilo,
ife tili ndi Loweruka lotsatira.

Sabata yatha kakowa anatera,
mmodzi yekha, woyera ngati wasochera,
anayenda monyang'wa pomwe panali matewera.
Usiku womwewo mdzukulu wanga Tikambenji anandigwedeza:
kukulira chiyani kunjaku?
Zaka zisanu ndi ziwiri, wobadwira mumzinda uno,
anali asanamvepo achule.
Ndinamutulutsa panja ndi bulangeti,
tinakhala pakhonde mpaka magetsi anabwera.

Nyundo ija ndikadali nayo.
Mpini ndinasintha kawiri, mutu ndi womwe uja.
Mawa ndikukhomera nayo mitengo ya mpanda
wozungulira kasupe,
ndipo ndikafika kuphewa lamanzere
mwina ndidzawauza a Shamilimo.
Mwina ndidzangokhoma.